KUTCHUKA NDI ULEMU: KODI N'CHINTHU CHIMODZI?

1. Mawu awiri

M'Chichewa muli mawu awiri amene anthu ambiri amawasokoneza. Mawuwo ndi kutchuka ndi ulemu. Munthu wotchuka ndiye amene dzina lake lili pakamwa pa anthu ambiri. Munthu wolandira ulemu ndiye amene anthu amamuwerengera ndi kumusamala chifukwa cha ntchito zake. Masiku ano nyimbo zimayenda pa wailesi, pa wailesi yakanema ndi pa intaneti, ndipo anyamata ndi atsikana ambiri a ku Monkey Bay, monganso a kwina konse, amaganiza kuti wopeza kutchuka wapezanso ulemu. Kodi zimenezi n'zoona? Ndipo ngati ziwirizi n'zosiyana, kodi womvera nyimbo ali ndi mangawa otani kwa mwini nyimboyo?

2. Mmene mbiri inali kuyendera

Kale mbiri inkayenda ndi miyendo kapena ndi bwato. Woimba wa ku Chembe kapena wa ku Msaka ankadziwika kumene ng'oma yake inkamveka, ndi kumene asodzi ankafika pokauma nsomba. Amene ankamutama anali anthu omudziwa. Ankadziwa mudzi wake, banja lake ndi makhalidwe ake. Akaimba pa ukwati ankamufupa, akadwala ankamuzonda, akamwalira ankamuika. Chotero kutchuka ndi ulemu zinkayenda pamodzi, pakuti womutama ndiye yemwenso ankamusamala.

Pambuyo pake zinthu zinasintha. Mu 1949 kunabwera wailesi yotsika mtengo imene Azungu ankaitcha Saucepan Special, chifukwa inkaoneka ngati poto. Anthu a ku Nyasaland anayamba kumva nyimbo zochokera ku Lusaka, ndipo Alick Nkhata anatchuka pakati pa anthu amene sanaonepo nkhope yake. Mu 1951 sitima ya Ilala, imene inalumikizidwa pa doko la Monkey Bay, inayamba kuyenda pa nyanja, kunyamula anthu pamodzi ndi nkhani zawo kunka ku Likoma ndi ku Nkhata Bay. Wailesi ya MBC inayamba mu 1964, ndipo wailesi yakanema ya dziko la Malawi inayamba mu 1999. Potsiriza kunabwera foni ya m'manja yokhala ndi intaneti.

Chilichonse mwa zinthu zimenezi chinafikitsa mawu a woimba kutali koposa kale. Koma chinatalikitsanso woimba ndi womvera. Lero munthu akhoza kuvina nyimbo chaka chathunthu osadziwa ngati mwini wake wadya kapena wagona ndi njala.

3. Nkhalamba ya ku Chiradzulu

Nkhani ya a Giddes Chalamanda ionetsa bwino zimenezi. Iwo anabadwa mu 1930 m'boma la Chiradzulu, ndipo anayamba kuimba akali mnyamata. Kwa zaka zambirimbiri anaimba ndi gitala yawo m'midzi ndi m'matauni, koma chuma sanachipeze. Mwa nyimbo zawo munali ina yotchedwa Linny Hoo, imene anapekera mwana wawo wamkazi.

Mu 2020 woimba wachinyamata, Patience Namadingo, anakhala pansi ndi nkhalambayo, ndipo awiriwo anajambula kanema akuimba pamodzi nyimbo zakale za a Chalamanda. Chakumapeto kwa 2021 kachigawo ka Linny Hoo kanalowa pa TikTok. TikTok ndi bwalo la pa intaneti pamene anthu amaika makanema aafupi. Munthu amatenga kachigawo ka nyimbo ya wina, nadzijambula akuvina kapena akuyendetsa milomo monga ngati akuimba ndiye. Wina akaona amachitanso chimodzimodzi, ndipo nyimbo imafala ngati moto wa kutchire. Akuluakulu anati mbiri sigonera. Nyimbo ya ku Chiradzulu inavinidwa ku South Africa, inavinidwanso ku Philippines, ndi anthu osamva ngakhale liwu limodzi la Chichewa.

Pofika mwezi wa Januwale 2022, makanema a nyimboyo anali ataonedwa koposa ka 80 miliyoni. Kuti wowerenga amvetse kukula kwa chiwerengero chimenechi, akumbukire kuti pa kalembera wa 2018 anthu onse a m'Malawi anali 17.5 miliyoni. Komatu atolankhani atapita kwawo kwa a Chalamanda m'mwezi womwewo, anapeza nkhalamba ya zaka 92 ili m'mudzi mwake, yopanda foni yoonera makanema, yosadziwa kagwiritsidwe ntchito ka TikTok. Za kutchuka kwake inkangouzidwa ndi ena.

Apa mpamene pali funso lija. Mwa anthu miyandamiyanda amene anavina nyimboyo, ndi angati anadziwa dzina la mwini wake? Ndi angati anafunsa za moyo wake? Kutchuka kunalipo kochuluka. Koma chiwerengero cha oonera sichiphika nsima, ndipo sichizonda wodwala.

Izi sizinayambe ndi intaneti. A Allan Namoko, woimba wosaona wa ku Thyolo, anamveka pa wailesi zaka zambiri, ndipo dziko lonse linkadziwa mawu awo. Koma anamwalira mu 1995 ali munthu wosauka.

4. Nyale ya siginala

Munthu wa m'mbali mwa nyanja sadzavutika kumvetsa mmene kutchuka kwa pa intaneti kumayendera, pakuti amakuona usiku uliwonse wopanda mwezi. Asodzi a usipa akapita pa nyanja, mmodzi wa iwo, wotchedwa siginala, amakhala m'bwato lokhala ndi nyale zowala. Usipa umasonkhana pansi pa kuwalako. Tsono siginala amapalasa pang'onopang'ono, kutsogolera usipa ku chilimira, ndipo anzake amakoka. Nsomba zimabwera chifukwa cha nyale, koma phindu lalikulu limapita kwa mwini chilimira.

Pa intaneti, woimba ndiye wonyamula nyale, maso a anthu oonera ndiwo usipa, ndipo kampani ya bwalolo ndiyo mwini chilimira. Anthu akachuluka pa bwalo, kampani imalandira ndalama kwa amalonda ofuna kulengeza katundu wawo. Koma pali kusiyana kumodzi kwakukulu. Pa nyanja siginala amalandira gawo lake, ndipo mwini chilimira sangamumane, chifukwa amakhala naye m'mudzi umodzi, ndipo mawa adzamufunanso. Pa intaneti mwini chilimira ali kutsidya kwa nyanja zamchere. Wonyamula nyale akapanda kudziwa njira yofunsira gawo lake, kapena akasowa womufunsira, akhoza kuwalitsa usiku wonse nabwerera kumtunda chimanjamanja.

Palinso china. Nyale ikazima usipa umabalalika, nupita kwa siginala wina. Anthu a pa intaneti ali chimodzimodzi. Nyimbo ya mwezi uno imaiwalika mwezi wamawa. Mnyamata amene waika mtima wake wonse pa chiwerengero cha oonera amayamba kuchita zilizonse kuti maso asamuchoke. Wina amatukwana akulu, wina amajambula mnzake ali pa tsoka m'malo momuthandiza, wina amadzichotsa ulemu yekha. Ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Wotereyo amagula kutchuka ndi ulemu wake, ndipo kutchukako kukatha amatsala wopanda zonse ziwiri.

5. Kodi tsono kutchuka n'koipa?

Wowerenga angafunse kuti: kodi ndiye kuti woimba azibisala? Iyayi. Nyimbo imapekedwa kuti imvedwe, ndipo woimba wosamveka sangadye za luso lake. Madyerero a nyimbo otchedwa Lake of Stars, pamene anachitikira ku Nkopola mu 2014 ndi mu 2015, anabweretsa alendo ochokera kutali, ndipo ogulitsa nsomba, osema ziboliboli ndi eni nyumba za alendo a pa msewu wa Mangochi ndi Monkey Bay anapeza malonda. Kutchuka kwa oimba ndiko kunawaitana alendowo. Kutchuka kwa Linny Hoo nakonso kunachititsa ana ambiri a m'Malawi kudziwa woimba wa nthawi ya agogo awo.

Koma wowerenga ayang'anitsitse kumene zabwino za a Chalamanda zinachokera. Iwo anali ataimba kale za chikhumbo chawo chokaona dziko la America, ndipo mu 2016 anapitadi. Anawapititsa ndi anthu amene anamva nyimboyo, naiganizira, nachitapo kanthu. Mu 2020 Namadingo sanangoimba nyimbo za nkhalamba ali yekha monga ngati n'zake. Anakhala nayo pamodzi, naiika patsogolo kuti dziko liione. Umenewo ndiwo ulemu. Kutchuka kumangotsegula chitseko. Wolowa m'nyumba ndi mphatso m'manja ndi munthu, ndipo popanda munthu woteroyo chitseko chimangolowetsa mphepo.

Chotero yankho la funso loyamba ndi ili: kutchuka ndi ulemu n'zinthu ziwiri. Kutchuka kumawerengedwa ndi makina, ndipo wakuba wodziwika ali nako monga momwe alili nako woimba wabwino. Ulemu umaperekedwa ndi munthu kwa munthu, ndipo umaoneka ndi ntchito.

6. Mangawa a womvera

Latsala funso lachiwiri. Akuluakulu anati lende n'kukankhana. Woimba wakankha womvera pomusangalatsa pa ukwati, pomutonthoza pa maliro, pomupeputsira ntchito ya pa nyanja. Womvera ayenera kukankhanso.

Choyamba, adziwe dzina la mwini nyimbo, ndipo alitchule. Wotumiza nyimbo kwa mnzake, kapena wodzijambula akuivina, anene kuti n'ya yani. Ichi sichilira ndalama.

Chachiwiri, alipire pamene ayenera kulipira. Wolowa m'bwalo la zoimba podumpha mpanda wadya thukuta la mwini wake. Wodzaza nyimbo mazana m'kakhadi ka foni pa msika walipira mwini kompyuta, koma kawirikawiri wopeka nyimbozo sanalandirepo kanthu. Dziko la Malawi lili ndi lamulo loteteza opeka, ndipo bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992, limatolera ndalama kwa nyumba za wailesi ndi kwa ena ogwiritsa ntchito nyimbo, nkugawira eni ake. Mwini malo achisangalalo amene amazemba kulipira bungweli akumana siginala gawo lake.

Chachitatu, aletse maso ake. Kanema wochititsa munthu manyazi amafala chifukwa cha oonera ndi otumiza. Aliyense wokana kumutumiza wazimitsa nyale imodzi yoipa.

Chachinayi, asadikire kuti anthu akunja ayambe atama ndipo iye atsatire. A Chalamanda anali woimba yemweyo mu 2019 monga analili mu 2022. Chimene chinasintha ndi chiwerengero chabe. M'midzi ya kwa Nankumba muli nkhalamba zodziwa nyimbo zopalasira bwato ndi zokokera khoka, ndi amayi odziwa nyimbo za pa mtondo. Sadzafika pa 80 miliyoni. Mdzukulu amene ali ndi foni akhoza kukhala nawo pansi, kuwapempha chilolezo, kujambula nyimbo zawo ndi kusunga mayina awo. Akatero wawapatsa ulemu akali moyo, pamene angathe kuumva.

Ndipo mnyamata kapena mtsikana wofuna kukhala woimba aphunzire luso lake, alembetse nyimbo zake kuti zidziwike kuti n'zake, ndipo asunge dzina labwino pakati pa anthu omudziwa. Kutchuka kukabwera akulandire. Kukachoka, anthu amenewo adzakhala alipo.