Funso lomwe sindinafunse

Pikapu ya Nissan 1400 yomwe anandisiyira malemu bambo anga inayamba vuto: giya yachitatu imachoka yokha pachitunda. Makaniko atatsegula giyabokosi anapeza kuti mano a giyayo adyeka. Ku South Africa anasiya kupanga galimotozi mu 2008, ndiye masipeyala ake ndi osowa.

Nditazungulira masabata atatu, mnyamata wina pamsika anandibweretsera giyabokosi yathunthu, ikadali kudontha oyilo, pamtengo wozizira zedi. "Bwana, ingotengani basi," anatero. Sindinafunse komwe waitenga. Ndinkaopa kuti yankho lake lindikakamiza kuisiya.

Pano pikapu ikuyenda bwinobwino, koma mtima wanga suli m'malo. Kodi munthu amene wasankha dala kusadziwa angadzitche wosalakwa? Mwina inachotsedwa m'galimoto yomwe inachita ngozi. Mwinanso pali bambo wina akuyenda wapansi lero chifukwa yake inabedwa n'kuphwasulidwa usiku. Wakuba saba chinthu chopanda msika, ndipo tsiku limenelo msikawo ndinali ine.

Akanakhala bambo, akanafunsa kaye. Galimoto yawo ndaidzutsa, koma khalidwe lawo ndinalisiya pamsika paja.