Mchere wa Elisa ndi ngalande ya pakhomo panu



Sabata ino werengani 2 Mafumu 2:19-22. Anthu a ku Yeriko anadandaulira Elisa kuti mzinda ndi wabwino koma madzi ndi oipa. Mneneriyo anapita ndi mchere kukasupe komwe madziwo amachokera, ndipo Yehova anawachiritsa.

Ife a ku Kitwe sitinaiwale February 2025, pomwe damu la zinyalala za mgodi ku Chambishi linaphulika, asidi n'kulowa mu Kafue, mipope n'kuuma. Tinalira, tinapemphera. Koma abale, nanga mapulasitiki, matewera ndi oilo wakuda amene timataya m'ngalande usiku? Mvula ikagwa, zonsezo zimathera mu Kafue, kapena mu Kafubu ku Ndola, madzi omwewo amene ana athu amamwa. Ngalande ikatsekeka, madzi onyansa amalowa m'nyumba ya mnansi, kolera n'kutsatira. Kasupe wa vutoli ali pakhomo pathu!

Khonsolo imalipiritsa otaya zinyalala paliponse, koma mwana wa Mulungu sadikira kuti achite kugwidwa. Loweruka lino tengani fosholo, tsegulani ngalande ya pakhomo panu.

Tipemphere: Atate, yeretsani mitima yathu, manja athu ndi madzi a mizinda yathu, m'dzina la Yesu. Amen!