Wasayansi Akamwalira, Kodi Tiyamikire Yani?

PAMENE Arnold Theiler anamwalira ku London mu 1936, oŵeta ng'ombe kummwera kwa Afirika anali ndi chifukwa chabwino chomlirira. Dokotala wa ziŵeto ameneyu, wobadwira ku Switzerland mu 1867, ndiye anatsogolera malo ofufuzira matenda a Onderstepoort, kumpoto kwa Pretoria, kuyambira mu 1908 kufikira mu 1927. Tizilombo timene nkhupakupa zimapatsira ng'ombe, toyambitsa nthenda ya East Coast fever imene yapululutsa makola ku Malaŵi ndi ku Zambia, timatchedwa Theileria pokumbukira iye.

Komabe, talingalirani izi. Atangofika ku Transvaal mu 1891, Theiler anaduka dzanja lamanzere m'makina odulira udzu. Nangano ndani anali kugwira nkhunzi yolusa pamene iye anali kuitenga mwazi? Ndani anali kukumba maenje okwiriramo ziŵeto zakufa? Ambiri a antchito amenewo anali anthu akuda, ndipo maina awo samveka pamene dzina la Theiler likutamandidwa.

Anzake ena ngodziŵika. Mliri wa rinderpest utabuka mu 1896, iye anagwirizana ndi Herbert Watkins-Pitchford kupanga mankhwala otetezera ng'ombe. Ndiyeno panali lamsiekte, nthenda yopuwalitsa ziŵeto imene inazunguza akatswiri kwa zaka zambiri. Mu 1919 kunadziŵika kuti ng'ombe zosoŵa phosphorus m'msipu zinali kutafuna mafupa owola okhala ndi poizoni. Chithandizo chake chinali chosavuta modabwitsa: kuzidyetsa ufa wa mafupa oyera. Pakufufuza kumeneko Theiler anadalira kwambiri Henry Green, katswiri wa makemikolo.

Kodi kutchula ameneŵa kumachepetsa ulemu wa Theiler? Kutalitali! Khama lake linali lenileni. Koma kutamanda wakufa nkopepuka, pakuti iye sapikisananso nafe. Chovuta ndicho kuyamikira mnzathu wamoyo, amene angakwezedwe pantchito ife tili pomwepo, kapena wantchito wamba amene sangatibwezere kanthu. Ngati chiyamikiro chathu chimayembekezera maliro, kodi si pamenepo pamene chimaonekera kuti nsanje ndiyo inali kutitseka pakamwa?

Mwana wake wamkazi, Gertrud Theiler, anatha zaka zambiri ku Onderstepoort komweko akusanthula ndi kulongosola mitundu ya nkhupakupa za mu Afirika. Anamwalira mu 1986, patapita zaka 50 chimwalirire atate wake. Kodi ndi alimi angati, posambitsa ng'ombe zawo kudibi, amene anamvapo dzina lake?