Kodi Agogo Tinawafunsapo?

Amayi anzanga a Chigwirizano, tikamapita kukaona okalamba, kaya kunyumba yowasungira ya Maramba ku Livingstone, kaya ku Matero mu Lusaka, kapena pamudzi pathu pomwe, timanyamula sopo, shuga ndi ufa. Timayimba nyimbo, kupemphera, kenaka kutsanzika. Ntchitoyi ndi yabwino. Koma kodi timadziwa chimene mtima wa agogowo ukusowa, kapena timangowapatsa chimene ife taganiza?

Njala ya m'mimba imaoneka ndi maso, koma ya mzimu imabisala mpaka wina atafunsa. Agogo ena akulira chifukwa papita zaka osalandira Mgonero, popeza miyendo inakana. Ena maso anachita mdima, Baibulo lili kumutu kwa mphasa koma palibe wowawerengera. Ena anathamangitsidwa pamudzi atanenedwa ufiti, ndipo usiku amadzifunsa ngati Mulungunso anawataya. Pemphero limodzi lothamanga silingayankhe onsewa.

Mu 1996 dokotala wa ku America, Christina Puchalski, anakonza njira ya mbali zinayi yothandiza madokotala kufunsa odwala za moyo wawo wauzimu. Ifenso tingafunse m'mawu athu. Agogo, chimakulimbitsani mtima n'chiyani? Chikhulupiriro chanu chikukuthandizani bwanji masiku ano? Mumapemphera ndi ndani, nanga amabwera kudzakuonani? Mukufuna tikuthandizeni motani?

Wina adzati kufunsa munthu wamkulu za mumtima n'kupanda ulemu. Pali choona pamenepo. Tikafika ngati oweruza mlandu, agogo adzangoti, "Ndili bwino, mwana wanga," basi. Koma kulankhula m'malo mwawo ngati kuti ndi ana ndiko kuwachotsera ulemu kwenikweni. Choncho khalani pansi, musayang'ane wotchi, ndipo lolani kuti ayankhe pa ulendo wachiwiri kapena wachitatu. Zimene akuululirani musakazifalitse kumsonkhano. Ngati nkhaniyo ikufunika abusa kapena akulu a mpingo, yambani mwapempha chilolezo kwa eni ake. Agogo akakhala Akatolika, aitanireni wansembe wawo, chifukwa kufooka kwawo si mpata wowasamutsira mpingo. Amene ali ndi matenda oiwala mwina sangayankhe funso, koma muwayimbire nyimbo yakale, pakuti ambiri amaikumbukira ngakhale atayiwala mayina a ana awo.

Mwezi uno, sankhani agogo amodzi a m'dera lanu. Sopoyo nyamulani ndithu, koma musanayambe pemphero, afunseni kuti, "Agogo, lero tipempherere chiyani?" Mukatero mukhale chete, ndipo mudikire yankho.