Kufewa kwa Magazi ndi Funso la Imfa ya Mwana

M'midzi ya m'mphepete mwa nyanja ku Nkhotakota, kuyambira ku Chia mpaka ku Dwangwa, kumene madambo a mpunga ndi zithaphwi za m'dzinja zimasunga udzudzu, imfa ya mwana wodwala malungo aakulu imadzutsa mafunso awiri amene pa siwa amamveka ngati limodzi. Loyamba ndi lakuti chachitika nchiyani m'thupi mwake. Lachiwiri ndi lakuti nchifukwa chiyani zagwera mwana ameneyu, pamene anzake ogona naye mphasa imodzi adzuka bwinobwino. Funso lachiwirili ndi lachipembedzo ndipo nloyenera ulemu, koma likameza loyamba lija, yankho limasanduka dzina la munthu, kawirikawiri gogo wina wa m'mudzi momwemo amene akuti walodza mwanayo.

Anthu a dera lino salankhula za magazi mopepuka. Akhristu amawerenga m'buku la Levitiko, mutu 17, kuti moyo ndi mwazi nzolumikizana, ndipo Asilamu, amene chipembedzo chawo chinazika mizu kuno m'nthawi ya Jumbe Salim bin Abdallah cha m'ma 1840, sadya nyama yosachinjidwa kuti magazi atuluke. Choncho nzomveka kuti ena amada nkhawa akamva kuti akatswiri amatenga kadontho ka magazi nkumakakoka, kukafinya ndi kukayeza monga amayezera mphira, poganiza kuti chinthu chopatulika chasandutsidwa makina.

Chimene akatswiriwo amayeza ndi kufewa kwa maselo ofiira, tinthu ting'onoting'ono timene timanyamula mpweya wabwino m'magazi. Selo lofiira limakhala lotambalala mamaikiromita 7 kapena 8, ndipo maikiromita ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Komabe pa masiku pafupifupi 120 a moyo wake limadutsa mobwerezabwereza m'timipata ta m'kapamba, chiwalo cha pansi pa nthiti za kumanzere, timene kutambalala kwake sikufika ngakhale theka la selolo. Msodzi wa chilimira amadziwa kuti maso a khoka ndiwo amasankha nsomba yotsala ndi yopulumuka. Kapamba amasefa magazi momwemo, kungoti chimene chimapulumutsa selo ndi kutha kupindika nkubwerera mwakale. Kachirombo ka malungo kotchedwa Plasmodium falciparum kakalowa m'selo, kamakula kwa maola pafupifupi 48, ndipo m'nthawi imeneyi kamaumitsa khungu la selolo nkulimeretsa tinsungu tomata timene timaligwiriza ku makoma a timitsempha.

Mu 2003 ofufuza a ku University of Washington anapanga tinjira ta mamaikiromita 2 mpaka 8 totsanzira timitsempha, ndipo anaona maselo abwino akudzipanikiza nkutuluka ngakhale m'kanjira kopanikiza koposa, pamene maselo okhala ndi kachirombo kokhwima ankaima pakhomo nkutsekera anzawo njira. Mu 2005 gulu la Subra Suresh linagwiritsa ntchito chopanira cha kuwala kwa laser, chida chimene Arthur Ashkin anatulukira mu 1986, pomata timikanda tiwiri kumbali ziwiri za selo nkulikoka. Linapeza kuti selo logwidwa likhoza kuuma kufika kakhumi kuposa labwino. Kuuma kumeneku ndiko kuyamba kwa njira imene imathera pa mwana wokomoka pamsana pa mayi ake: magazi amene amayenera kuyenda ayamba kutsamwa mu ubongo.

Kodi kudziwa zimenezi kumachotsa Mulungu pa nkhani ya imfa? Kuyeza kuuma kwa selo sikunena kanthu za mtengo wa mwana amene selolo linali lake, monga kuyeza kuya kwa nyanja sikutonthoza mkazi amene mwamuna wake wamira. Funso lakuti nchifukwa chiyani iyeyu limatsala lili chilili, ndipo nkoyenera kuti lipite ku pemphero, ku mzikiti ndi ku tchalitchi. Koma muyeso umachita chinthu china chimene chipembedzo chiyenera kuchiyamikira, ndicho kudzichepetsa pamaso pa chimene chilipodi. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene Terrie Taylor ndi Malcolm Molyneux anayamba kafukufuku wa malungo a mu ubongo m'zaka za m'ma 1980, makolo ena oferedwa analola kuti matupi a ana awo apimidwe, ndipo zotsatira zofalitsidwa mu 2004 zinasonyeza kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa anayi amene madokotala ankati wafa ndi malungo a mu ubongo anafa ndi matenda ena. Madokotala enieniwo anawongoledwa ndi kuyang'anitsitsa. Ngati munthu wophunzira, wogwira wodwala ndi manja ake, akhoza kuphonya chotere, nanga woombeza amene waloza gogo ndi chala osaona ngakhale dontho la magaziwo angakhale ndi chitsimikizo chotani?

Apa ndi pamene nkhani ya timakina tosaoneka ndi maso imakhudza chikumbumtima. Zipembedzo zonse ziwiri za ku Nkhotakota zimaletsa umboni wonama, ndipo lamulo la dziko la 1911 limaletsa kunenera munthu ufiti. Komabe mlandu wotere umakula msanga pamene anthu alibe mawu ofotokozera chimene chachitika m'thupi. Abusa ndi mashehe, amene ndiwo amapatsidwa mpata wolankhula pa maliro, akuyenera kuwadziwa mawu amenewa ndi kuwauza anthu: kuti mwana wotentha thupi ayezedwe magazi tsiku lomwelo, kuti mankhwala a malungo a LA amwedwe masiku atatu onse, ndi kuti mwana wokomoka athamangire naye ku chipatala kukabayidwa artesunate maselo ake asanatseke njira.