Envulopu ya galu wopanda mwini

Padangotero. Kumudzi wina kwa Mfumu Kakumbi, kufupi ndi Mfuwe, kunali bambo wina ndi galu wake wofiira wodulidwa khutu. Galu akagwira nchenzi kudambo la Lupande, bambo ankazungulira nayo mudzi wonse: "Galu wanga ameneyu!" Akapirikitsa anyani m'chimanga: "Galu wanga!"

Atabwera a vetenale kudzabaya agalu katemera wa chiwewe monga lamulo lifunira, iye anamutsekera galu wakeyo m'nkhokwe. "Singano imapha mphuno," anatero. "Ndiye adzanunkhiza ndi chiyani?"

Tsiku lina galu uja analuma mwana wa mayi wamasiye pamwendo, mwanayo akuchokera kumjigo. Mayi anatsuka bala ndi sopo ndi madzi ambiri, nathamanga naye panjinga yamoto ku chipatala cha Kamoto. Kumeneko anafunsa chikalata cha katemera wa galu. Panalibe. Jakisoni wa chiwewe sabaya kamodzi ayi, umabwerera pamasiku amene akulembera, ndipo ulendo uliwonse wanjinga ankatambasula dzanja. Nkhuku zinatha m'khola. Thonje linathothoka m'munda, wotola palibe.

Nkhani inafika pabwalo la amfumu a mudzi.

"Galu wofiira uja ndi wanu?"

"Ine, amfumu? Galu? Sindinawetepo ngakhale mphaka."

"Nanga amene amagona pakhonde panu?"

"Khonde lilibe chitseko, amfumu. Mwina ndi m'mbulu wa m'paki, wawoloka Luangwa."

Anthu anang'ung'udza. Mayi anagwira tsaya. Amfumu anati mlandu ugone.

M'mawa mwake nduna yokalamba inafika ndi envulopu yonenepa, niika pamphasa. "Amfumu, dzulo galimoto ya alendo oona nyama yaponda mwendo wa galu wofiira. Envulopu iyi ndi ya mwini wake. Koma poti galuyo alibe mwini, tiibweze."

Bambo uja anadzambatuka, chipewa chinagwa.

"Muibweze kuti? Ndi wanga ameneyo!"

"Dzulo munati ndi m'mbulu."

"Dzulo mutu unkandipweteka. Ndinamugula ali kamwana, ndi tambala. Khutu ndinadula ndine, lakumanzere. Funsani mudzi wonse!"

Mudzi wonse unavomera, ndi mayi wamasiye yemwe. Mlembi analemba. Bambo anadinda chala, nachidindanso kuti chioneke bwino.

Inu mukadakhalapo, bwenzi mutaona m'mene manja ankanjenjemerera pong'amba envulopu ija. Munatuluka kadi la kuchipatala. Munatuluka timapepala ta wanjinga, ulendo ndi ulendo. Munatuluka pepala la mlembi lowerengera nkhuku ndi thonje.

"Ndi yanu ndithu," anatero amfumu. "Mubweze zonsezi, muwonjezere mbuzi ziwiri za bala la mwana, galu akabayidwe. Mukakana, chala chanuchi chikakudikirani ku Local Court."

Bambo anaitembenuza envulopu, naigwedeza, nasuzumiramo ndi diso limodzi.

"Nanga ya mwendo wa galu wanga?"

"Mwendo uti, achimwene?" inafunsa nduna. "Tawerengani."

Anayang'ana pansi. Galu anali pamapazi ake kuyambira m'mawa, akudzikanda utitiri. Bambo anagwada, nagwira mwendo woyamba, wachiwiri, wachitatu, wachinayi. Anayambiranso, kuti mwina walakwitsa.