KODI ANA TIWAUZE ZONSE ZA MAKOLO AO?

Pa benci limodzi m'sukulu ya pafupi ndi Chipata mungapeze ana atatu: wina wa kwa Jere, wina wa kwa Phiri, wina wa kwa Mumba. Awerenga buku limodzi, ndipo pa nthawi yopumula adya cimanga cokazinga ca m'thumba limodzi. Tsiku lina mphunzitsi wao afika pa phunziro la kudza kwa Angoni m'dziko muno, ndipo pamenepo aima ndi coko m'dzanja, pakuti adziwa kuti makolo a mwana woyambayo anatentha midzi ya makolo a anzace awiriwo. Anene kodi, kapena alumphe tsambalo? Funso limeneli anandifunsa mphunzitsi wina wacinyamata, munthu wa mtima wabwino wosafuna kuutsa cidani pakati pa ana. Sindinamyankhe msanga, cifukwa mantha ace sanali opusa ai.

Bodza la m'mbiri silikhala kawiri-kawiri la kunena cinthu cimene sicinacitike. Limalowa ndi kusiyako zina. Ife amene tinaphunzira kale tinaloweza pamtima kuti David Livingstone ndiye anatulukira mathithi a pa Zambezi m'caka ca 1855. Cakaco ncoona, munthuyonso anafikadi. Koma sitinafunsidwe pa mayeso kuti amene anampalasira bwato anali Amakololo a mfumu Sekeletu, kapena kuti mathithiwo anali nalo kale dzina la Mosi-oa-Tunya, kapena kuti panali anthu okhala m'mbali mwace mibadwo yambiri. Atafera kwa Chitambo mu 1873, Susi ndi Chuma ndi anzao ananyamula mtembo wace miyezi yambiri kufikira ku Bagamoyo. Maina ao tinangowamva mothamanga. Mwana wophunzitsidwa motero amamva cinthu cimene mphunzitsi sananene ndi pakamwa, cakuti makolo ace anali ngati mitengo ya m'njira imene mlendo anaipitirira.

Bodza limenelo tinalizindikira, ndipo ciyambire ufulu wa 1964 tayesa kulikonza. Koma liri ndi mphwace amene sitimcenjerera, cifukwa mau ace ngokoma m'khutu mwathu: ndiko kuuza ana kuti makolo athu onse anakhala mwa mtendere, opanda banga, kufikira tsiku limene Mzungu anaponda dziko lino. Uku ndiko kulumpha tsamba kumene mphunzitsi uja anali kulingalira.

Nkhani ya pa tsambalo iri yotere. Angoni a Zwangendaba, pothawa nkhondo za kumwera za m'masiku a Shaka, anaoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo m'mwezi wa November 1835, tsiku limene dzuwa linada usana. Anapyola dziko la Ansenga nafika ku Ufipa, kumene Zwangendaba anamwalira ndipo mtundu unagawikana. Mwana wace Mpezeni anabwerera kumwera, nakhala pakati pa Ansenga, ndipo pambuyo pace anakhazikika m'mapiri a kuno ku Chipata. Sanadze monga alendo opempha malo. Anathira nkhondo midzi ya Acewa ndi Ansenga, nalanda dzinthu ndi zoweta, nagwira anthu; anyamata anasanduka ankhondo ao, ndipo atsikana anakwatiwa m'midzi yao. Otsala anathawira kumapiri kapena kudzitsekera m'malinga. Koma ozunzikawo sanali onse oyera m'manja, pakuti mafumu ena a pakati pao anali kugulitsa anthu kwa Acikunda ndi kwa amalonda a kunyanja posinthana ndi nsaru ndi mfuti.

Ndipo mu January 1898 cinatembenuka. Kampani ya Azungu, yokhulupirira kuti m'dziko la Mpezeni muli golidi, inali italowamo ndi kalata ya cilolezo imene inapezeka mwa Carl Wiese. Asilikali anacokera ku Nyasaland ndi mfuti zolira kosalekeza, ndipo nthungo ndi zishango sizinathe kulimbana nazo. Nsingo, mwana wa Mpezeni, amene anatsogolera nkhondoyo, anagwidwa naomberedwa mu February. Ng'ombe zikwi zambiri zinalandidwa. Golidi uja sanapezeke. Dziko labwino linasanduka minda ya fodya, eni ace nasamutsidwira m'malo opanikizika. Ambiri a asilikali amene anaomba mfutizo anali anthu akuda. Acewa ena anapuma poona Angoni atagwa, koma posacedwa msonkho unafika pa khomo la Mcewa ndi la Mngoni mosasankha.

Tsono taonani, awerengi okondedwa, kuti Mngoni yemweyo ali wozunza pa ciyambi ca nkhani, ndi wozunzidwa pa mapeto pace. Mukacotsa ciyambi, mwanamiza mwana wa kwa Phiri. Mukacotsa mapeto, mwalakwira mwana wa kwa Jere ndi kumlanda Nsingo wace.

Alipo akulu ena anzeru amene amati, "Zakale zisiyeni zigone; madzi akatayika saoleka. Mukazidzutsa, ana adzatukwanizana pabwalo la sukulu." Mau amenewa sindiwapeputsa, pakuti phunziro loperekedwa mosasamala likhozadi kubala zotere. Koma akuluwo aiwala kuti zakalezo sizinagone. Ana amazimva kumudzi madzulo pamoto, mwana ali yense kwa agogo ace, ndipo agogo ali onse amasimba mbali yao yokha: uyu za ukali wa ankhondo a kwao, uyo za njala ya m'mapanga. Mphunzitsi akakhala cete, sanacotse kanthu m'mitima ya anawo. Wangowasiya yense ndi theka lace. Pabwalo la milandu mfumu siidula mlandu isanamve onse awiri, ngakhale mmodzi akhale mphwace. Kodi sukulu ikhale yocepa cilungamo koposa bwalo la pamudzi? Palibe malo ena kumene nkhani zitatuzo zingakomane, koma pa benci lija.

Ndipo m'nkhani yomweyi muli cinthu cimene cimanditonthoza, cimene sicioneka kwa wobisa. Tadzifunsani: nanga Angoni a kwa Mpezeni, amene anagonjetsa dziko, bwanji lero alankhula cinenero cofanana ndi Cinsenga, ndipo Cingoni ca makolo cimamveka makamaka m'nyimbo ndi m'mau otamanda mfumu pa Nc'wala ku Mtenguleni? Cifukwa cace ndi akazi ogwidwa aja. Mwana aphunzira kulankhula ali kumsana kwa amace, si pa bwalo la ankhondo ai. Amai amenewo, amene maina ao palibe buku linawalemba, anayamwitsa ana a owagwira, nawaimbira ndi kuwadzudzula m'cinenero ca kwao, kufikira cinenero ca ogonjetsa cinazirala. Cotero mwana wa kwa Jere sali mdzukulu wa wogwira yekha; ali mdzukulu wa wogwidwanso. Pamene mphunzitsi asimba za mudzi wotenthedwa, sali kunena za makolo a mnzace okha, koma za agogo ace enieni. Mau aja akuti "makolo ako" ndi "makolo anga" ayamba kusoweka pogwira.

Ndiponso makolo athu sanaope kukumbukira nkhondo monga tiopera ife. Angoni ndi Abemba anamenyana, ndipo m'malo mwa kubisa, anasandutsa nkhondoyo cimbuya: amasekana poyera, amanyozana mosapsa mtima, ndipo pamaliro wina amatumikira mnzace. Cibale cimeneco cinamera pa cinthu cokumbukiridwa.

Komabe kunena zoona kuli ndi mwambo wace. Mwana wa zaka 8 sapatsidwa nkhani monga wa zaka 16; mai sabisa cakudya pamene aphikira khanda phala. Kucepetsa zoopsa za magazi kwa ang'ono nkololeka, malinga mphunzitsi asanene cimene adzayenera kucikana anawo atakula. Asalole ndi pang'ono pomwe kuti mwana asenzetsedwe mlandu wa munthu amene anafa iye asanabadwe, ngakhale mwa nthabwala. Ndipo azinena kumene nkhani yacokera: iyi analemba Mpwitikizi Gamitto, amene anapyola dziko la Acewa mu 1831; iyi inalembedwa ndi ogonjetsa; iyi tinaimva kwa akulu. Mboni iri yonse inaimirira penapace poona.

Pano ife a mishoni tisadzipatule. Mishoni ya ku Magwero inayamba mu 1899, caka cimodzi cabe itatha nkhondo ija, pakati pa anthu osweka mtima. Masukulu ndi zipatala zimene zinatsatira nzoona, ndipo ine ndine cipatso cace. Nzoonanso kuti m'masukulu athu munaphunzitsidwa kupeputsa zambiri za makolo popanda kuyamba wazimvetsa. Ngati tifuna kuti Mngoni amve za midzi yotenthedwa, ifenso tikhale pansi timve zathu.

Kwa mphunzitsi uja ndinati asayambe ndi buku, koma atume ana kukafunsa kwao, makamaka kwa agogo aakazi, kuti amai ao ndi ambuye ao anacokera kuti, ndipo anafika bwanji kumene anakwatiwa. Anacita comweco. Patapita masabata awiri anandiuza kuti mwana wa kwa Jere anabwera ndi mau akuti agogo a agogo ace anagwidwa ali mtsikana wosatha msinkhu pa mudzi wina wa ku Unsenga, ali kutunga madzi, ndipo mfunda wao unali Mumba. Mwana wa kwa Mumba anamyang'ana nthawi, ndipo anafunsa dzina la mudziwo.